Tione ndi Duku la Mvano

Pa Dambe panalibe munthu amene sankadziwa kuti a Ruth anamwalira. Ogulitsa mbatatesi pamsika ankadziwa, anyamata a njinga zamoto ankadziwa, ngakhale tiana ta Sitandade 1 tinkadziwa, kungoti makolo anali atatiopseza kuti wotsegula pakamwa adzaona zakuda. Mmodzi yekha ndiye sankadziwa, ndipo ameneyo anali mwana weniweni wa a Ruth, Tione, wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Zinayenda chonchi. A Ruth anadwala mwadzidzidzi mu Febuluwale, mvula ili pakati, ambulansi n'kuwatenga kupita nawo ku Boma. Anabwerako ali m'bokosi. Uthenga utangofika, a Christabel, omwe ndi azakhali a anawo, anamukweza Tione pa njinga yamoto kukamusiya kwa abale ku Ligowe, poti kwathu kuno amati mwana wamng'ono saona maliro. Atabwerako patatha sabata ziwiri anapeza pabwalo atasesa kale, anthu atabalalika, n'kumuuza kuti, "Amayi ako anachira, apita ku Joni kukagwira ntchito. Adzakubweretsera nsapato zowala."

Tsono mtolo wonse unagwera Tryness, mkulu wake wa Tione, wa zaka khumi ndi zisanu. Inu, Tryness ndi mtsikana woti nkhani sigona m'mimba mwake. Akamva kuti wakuti wabwezedwa kubanja, pofika pamjigo amakhala atauza anthu anayi. Koma bambo ake, a Ezekiele, anamuitanira kuseri kwa khola la mbuzi, n'kumuyang'ana m'maso.

"Mng'ono wako asamve. Ukadzamuuza, ine ndi iwe tidzadana."

Tryness anavomera. Ndipo anasungadi, miyezi isanu ndi iwiri yathunthu, chinsinsi chikumuotcha ngati mbatata yochokera paphulusa.

Koma Tione sanali Tione uja ayi. Kale anali kamwana kosalola munthu kumaliza chiganizo, koyimba ngakhale kali m'chimbudzi. Tsopano akangomva kulira kwa injini, kaya ndi lole ya mbatatesi kaya ndi njinga yamoto, ankasiya chilichonse n'kuthamangira kumsewu. Kusukulu ankathawa nthawi yopuma. Chakudya ankangochitola ngati nkhuku yodwala chitopa, mpaka mafupa a m'khosi anayamba kuonekera. Anapita naye kuchipatala, anamubaya chala, malungo sanapezeke. Ndiye kunali nkhani ya sopo. Sopo ankatha m'nyumba muja ngati amadyedwa, ndipo azakhali anatchera misampha itatu, akuti makoswe a chaka chino ndi aukhondo.

Azakhali omwewo ndi amene anabwera ndi nzeru ya foni. Tsiku lina anabwereka foni kwa aneba, n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe, n'kuimbira foni ya a Ezekiele. Anafinya mphuno kuti mawu asinthe.

"Halo, Tione! Ndine amayi ako, kuno ku Joni!"

Tione anagwira foni ndi manja awiri. "Amama, mubwera liti?"

"Ukakhala mwana wabwino ndibwera. Uzidya, wamva? Mayunitsi atha, bayi!"

Azakhali anatulukira kuseri kwa nkhokwe akumwetulira ngati achita zakupsa. Tryness analowa m'nyumba n'kuluma pilo kuti asakuwe.

Seputembala atafika, fumbi litayamba, a Ezekiele analengeza kuti Loweruka akamanga chiliza pamanda a mkazi wawo. Simenti inali itagulidwa, chimera cha thobwa chili padzuwa. Azakhali nawo analengeza zawo: Lachisanu m'mawa Tione akwerenso njinga yamoto, akatsale ku Ligowe mpaka zonse zitatha.

"Mpaka liti kodi, azakhali?" anafunsa Tryness. "Mpaka adzakwatiwe?"

"Iwe, pakamwa pako padzakupweteketsa. Unabalapo mwana iwe? Tapita kuchigayo uko."

Linali Lachitatu. Tryness ankachokera kuchigayoko masana, beseni la ufa lili pamutu, pamene anamuona Tione ataima pokhota paja, pafupi ndi mitengo ya bulugamu, atagwira kajumbo kabuluu. Kumtunda kunkatsika ambulansi, fumbi lili koboo kumbuyo. Tryness asanatsegule n'komwe pakamwa, Tione analumphira pakati pa msewu, manja ali m'mwamba.

Mabuleki analira kuti kwiiii! Galimoto inasereseka n'kuima pafupi kwambiri, moti Tione akanatambasula dzanja akanaigwira. Beseni la Tryness linagwa, ufa wonse mbwee m'fumbi.

"Mwana wa ndani uyu?" anakuwa a Wilkins, oyendetsa ambulansiyo, atatulutsa mutu pawindo. "Mukufuna ndikafere kundende ine? Ndili ndi ana anayi inetu!"

Koma chitseko china chinatseguka, n'kutsika anesi a Maria. A Maria kwawo ndi ku Rumphi, anabwera kuno ndi ntchito, ndipo amayi a kusikelo amawadziwa ndi Chichewa chawo chokoka mawu. Sanakalipe. Ananyonyomala pafumbi pomwepo, yunifolomu yawo yoyera ili choncho.

"Mama, ukufuna chiyani?"

"Ndinu munawatenga amama," anatero Tione. "Mukawauze kuti dothi lija lachoka."

Anapisa m'kajumbo muja n'kutulutsa duku loyera la mvano. Linali loyera ndithu, koma litapyapyala ngati khoko la anyezi, m'mbali mutayamba kung'ambika. Tryness analizindikira. Linali la amayi awo, lomwe analifunafuna tsiku la maliro osalipeza.

"Amama ako ndi ndani?" anafunsa anesi.

"A Ruth. Ali ku Joni."

A Maria anakweza maso n'kuyang'ana Tryness. Iwo ndi amene anagwira diripi m'ambulansi muja tsiku lija, ndiye ankadziwa. Tryness anapukusa mutu kumbuyo kwa Tione, misozi ikusakanikirana ndi ufa kumaso.

"Walichapa bwino kwabasi," anesi anamuuza Tione. "Lisunge, usalitaye. Takaona mmene hutala imalirira kwa amalume akowo." A Wilkins, mtima utatsika, anamunyamula n'kumukhazika pampando. Anesi anamukokera Tryness pambali.

"Za ku Jonizi anayambitsa ndani?"

"Akuluakulu. Akuti ndi wamng'ono, sangamvetse."

"Ine sindingamuuze, si mwana wanga. Koma ukawauze abambo ako mawu anga. Inu nonse munalira pamodzi. Kunali nyimbo, kunali anthu okugwirani mapewa. Uyu akulira yekha miyezi yonseyi, ndipo sakudziwa n'komwe chimene akulirira. Akamamuuza asanene kuti amayi agona, angaope kugona. Asanenenso kuti apita, wapita amadikiridwa. Anene kuti amwalira. Akafunsa mafunso, kaya akhale opusa bwanji, muziyankha. Ndipo Lachitatu lililonse ikakwana 3 koloko ndimakhala ndi ana ena ngati iyeyu pansi pa mkuyu kuseri kwa chipatala. Timajambula, timayimba, ena amangolira basi. Udzabwere naye. Nawenso udzakhale, usadziyese wamkulu."

Panjira yobwerera, Tryness atanyamula beseni lopanda kanthu, anafunsa mwakachetechete za duku lija. Tione anaulula zonse. Dzulo lake la tsiku limene amayi anadwala, iye anaba dukulo m'sutikesi kukasewerera masanje, ankakhala mayi wa mvano. Anaterereka n'kugwera m'matope ofiira. Amayi anamukalipira. M'mawa mwake ambulansi inabwera.

"Ndiye anakwiya, achemwali. Pa foni paja ananena kuti ndikakhala mwana wabwino abwera. Ndimalichapa tsiku lililonse kudambo, koma sabwera. Mwina likadali lakuda, eti? Taonani bwino inu."

Tryness anakumbukira za sopo uja. Makoswe aukhondo aja ndi amenewa! Anatsala pang'ono kunena pomwepo, mawu anafika pakhosi penipeni. Koma anawameza. Anamusiya Tione kwa aneba, n'kutenga duku, n'kutsikira kudimba osasamba n'komwe ufa uja.

A Ezekiele ankathirira mbatatesi ndi kheni. Ataona mwana wawo ali mbuu ngati watuluka m'chigayo momwe, anafuna kuseka. Tryness anagwada n'kuika duku pabondo. Kheni inawapulumuka m'manja.

"Walitenga kuti ili?"

Tryness anafotokoza zonse, za matope, za sopo, za ambulansi, ndi mawu a anesi osasiyako limodzi.

"Ndinakuuza chiyani ine?" anatero a Ezekiele.

"Sindinamuuze, ababa. Miyezi isanu ndi iwiri sindinamuuze, inu mukundidziwa mmene ndilili. Ndabwera kuti mukamuuze ndinu. Lero galimoto ikanamuponda. Loweruka mukanamanga chiliza chimodzi, kwinaku mukukumba dzenje lina."

Anali asanalankhulepo chonchi kwa bambo ake chibadwire, ndipo anayembekezera khofi. Koma a Ezekiele anangokhala pansi pamzere, pamatope pomwepo, n'kutenga dukulo n'kulinunkhiza. Linkangonunkhira sopo.

"Tryness, mwana wanga, ukuganiza kuti ndimaopera iyeyo? Ine chiikireni maliro pakamwa panga sipanatchulepo mawu oti anamwalira. Tione akamati amama ali ku Joni, nanenso ndimapumako pang'ono. Ndikayambira pati?"

"Tikayambira limodzi, ababa. Mukakanika ndikakugwirani dzanja."

Anakwera chitunda dzuwa likadali pamwamba. Azakhali anali pakhonde akupeta chimera, ndipo atangoona nkhope za awiriwo, ndi duku m'manja, anaimirira.

"Achimwene, musayerekeze! Mwana adzalota usiku! Mudzamupengetsa! Makolo athu sanali opusa."

"Achemwali, mwatithandiza zambiri, ndipo ndikuthokoza," anatero a Ezekiele. "Koma lero khalani pansi."

Azakhali anakhala pansi ndithu, kukamwa kuli yasaa. Tryness anakamutenga Tione. A Ezekiele anamukhazika pamiyendo, dzanja lina atagwira la Tryness mpaka zala kuwawa.

"Tione, tinakunamiza. Amayi ako sali ku Joni. Anadwala kwambiri, madokotala anayesetsa koma zinakanika. Amayi ako anamwalira. Sadzabweranso."

Tione anawayang'ana. Anayang'ana Tryness. "Bodza! Ndinalankhula nawo pa foni!"

Maso onse anapita kwa azakhali. A Christabel, mayi woti sanapepesepo munthu pa Dambe ponse, anayenda chogwada mpaka pafupi ndi kamwanako.

"Ndinali ine, mwana wanga. Ndinali kuseri kwa nkhokwe. Ndimati ndikukuthandiza. Pepa."

Inu, kulira kumene analira Tione! Anamenya bambo ake pachifuwa ndi tizibakera take, akukuwa kuti "Mabodza! Nonse mabodza!" Azakhali anafuna kunena kuti tonthola, Tryness anawagwira mkono. A Ezekiele sanamuletse Tione. Anangomukumbatira, akumenyedwa choncho, kenako nawo anatsegula kukhosi n'kulira mokweza, kulira kumene sanalire tsiku la maliro.

Aneba anamva. Anathamanga, ena zitenje zili m'manja, poganiza kuti kwagwanso zovuta. Atamva chimene chachitika, palibe anabwerera. Amayi anakhala pansi kuzungulira khonde, miyendo atatambasula monga amakhalira pasiwa, ndipo mmodzi wa amvano anayambitsa nyimbo imene a Ruth ankaikonda. Ena analandira. Tryness anaona kuti mng'ono wake akupatsidwa maliro ake, mochedwa ndi miyezi isanu ndi iwiri, koma akupatsidwa. Nayenso analira momasuka, osaluma pilo.

Kulira kutachepa, Tione anafunsa akusisima, "Anamwalira chifukwa cha duku?"

"Ayi!" anatero a Ezekiele. "Ayi ndithu. Anali matenda. Ukudziwa? Madzulo a tsiku lomwe lija amayi ako anandiuza za dukuli akuseka mpaka kugwira nthiti. Akuti unkawalalikira anzako ngati mayi wapampando weniweni. Sanapite atakwiya nawe, anapita akukukonda."

Tione anaganiza. "Ali kuti tsopano?"

"Thupi lawo tinaliika kumanda, kuseri kwa phiri uko. Iwo ali kwa Mulungu."

"Kumandako akudya chiyani? Samva kuzizira?"

Azakhali anagwira kukamwa, koma a Ezekiele anayankha bwinobwino kuti munthu akamwalira samvanso njala, kuzizira kapena kupweteka.

"Ndikufuna ndikaone."

Lachisanu wa njinga yamoto uja anabwera m'mawa monga anapangana. Azakhali eni ake ndi amene anatuluka n'kumuuza kuti ulendo wa ku Ligowe wafa.

Loweruka amuna analawirira kumanda ndi mchenga, njerwa ndi simenti, amayi n'kutsala akuphika. Dzuwa litafika pamutu uthenga unabwera kuti ntchito yatha, anthu apite akapemphere. Tione anatuluka m'nyumba atavala duku lija, Tryness atamumanga bwinobwino ngakhale linkamufika m'maso. A Ezekiele anamunyamula paphewa.

Polowera kumanda, mkulu wa adzukulu, amene amayang'anira zonse za kumandako, anatambasula ndodo yake.

"A Ezekiele, mwaiwala mwambo? Ana salowa kuno."

Anthu anaima. Manong'onong'o anayamba. Tryness anadziwa kuti akabwezedwa apa, zonse zija zithera panjira.

"Sindinaiwale, akuluakulu," anatero a Ezekiele mwaulemu, chipewa chili m'manja. "Koma uyu si mwana wodzaonerera. Uyu ndi mwini maliro. Tinamubisira, ndipo tinatsala pang'ono kumutaya pamsewu. Ndikupempha."

Mkuluyo anakanda m'mutu. Ndiye kumbuyo kunamveka mawu amene aliyense pa Dambe amawadziwa.

"Mulekeni mwana akaone mayi ake!" anali azakhali a Christabel. "Mwambowo ine ndinausunga kuposa nonsenu, mpaka kufinya mphuno kuseri kwa nkhokwe. Unandipindulira chiyani? Sopo yekha anatha!"

Anthu anaseka, kumanda komweko, ena akupukuta misozi. Mkulu wa adzukulu anayesa kuumitsa nkhope koma zinakanika. Anatsitsa ndodo.

"Lowani naye. Koma asachoke m'manja mwa bambo ake."

Chiliza chinali chokongola, simenti ikadali yaiwisi, ndipo a Laimoni, amisiri ake, anali atalemba dzina ndi msomali. Tione anatsika n'kuyang'anitsitsa. Zilembo zambiri sankazidziwa, koma R anamuzindikira.

"Amama," anatero mokweza, ngati akulankhula ndi munthu ali kuseri kwa chitseko, "duku ndachapa. Ababa akuti simunakwiye. Ndilisunga ineyo." Anaima kaye. "Azakhali anandinamiza, koma apepesa."

Kenako, anthu asanazindikire, anatambasula dzanja n'kugwira chilizacho. Kadzanja konse kanadinda pa simenti, zala zisanu kuoneka bwinobwino, pansi penipeni pa dzina.

"Mayo ine, ntchito ya amisiri!" anatero wina.

A Laimoni anali atanyamula kale chopaka chawo kuti asalaze. Anayang'ana kadzanjako, anayang'ana a Ezekiele, n'kuchiika pansi.

"Ndamanga ziliza zambiri ine," anatero, "koma chosainidwa ndi ichi chokha. Iwe wamkuluwe, bwera nawenso isanaume."

Tryness anadinda lake pambali. Amvano anayambitsa nyimbo, ndipo pakati pa mawu a akuluakulu panamveka kamawu kakang'ono kakuthwa, kolakwitsa mavesi, kamene pa Dambe anali atakaiwala.

Atabwerera kunyumba Tione anamwa makapu awiri a thobwa, n'kudya mpaka azakhali kumulanda mbale kuti angadwale m'mimba. Sikuti zonse zinatheratu tsiku lomwelo ayi. Masiku ena ankadzuka n'kulira, masiku ena ankafunsa funso lomwe lija kachiwiri, kachitatu, ndipo a Ezekiele ankayankha. Kwa azakhali anakhala sabata yathunthu osalankhula nawo, mpaka anamuphikira zitumbuwa.

Lachitatu lotsatira Tryness anamugwira dzanja kupita kumkuyu kuja. Anapezako ana asanu ndi awiri ndi a Maria, atayala mapepala pamphasa. Tione anajambula mayi wamutu waukulu wovala duku, n'kuuza mwana wina amene ankangoyang'ana pansi kuti, "Anga anamwalira. Ako?" Mwanayo anagwedeza mutu, n'kutenga pensulo. Tryness nayenso anapatsidwa pepala. Anati iye ndi wamkulu, sajambula, koma pomaliza anadzaza mbali zonse ziwiri.

Pobwerera, atafika pokhota paja pa mabulugamu, kumtunda kunamveka injini. Tryness anafinya dzanja la mng'ono wake mosazindikira. Inali ambulansi. A Wilkins anachepetsa liwiro kutali, atamuzindikira, n'kuimba hutala kawiri.

Tione anaima m'mbali mwa msewu, n'kukweza dzanja.

"Bayi, amalume!" anakuwa. Kenako anamukoka Tryness. "Tiyeni achemwali, ndili ndi njala."

Tryness anakamusiya kunyumba, n'kutenga chidebe ngakhale mitsuko yonse inali yodzaza. Pamjigo panali anthu asanu ndi mmodzi, ndipo iye anali ndi nkhani ya miyezi isanu ndi iwiri.